Masiku Atatu M'chipinda cha Pampu

Ndinapuma pa ntchito chaka cha 2022 chikutha, ndipo kuyambira pamenepo manja anga akhala akuyabwa. Munthu amene wagwira sipanala pafupifupi zaka makumi atatu sangakhale pakhonde n'kumangoyang'ana nkhuku. Ndiye ndagula kope kumsika wa ku Metangula kuti ndikulembereni, inu ana anga Esitere ndi Tomasi, za ntchito imene inakulerani. Za ubwana wanga ndinazinena kale pakamwa mpaka munatopa nazo. Zimene sindinanenepo ndi za masiku atatu aja a maliro a mayi anu. Tomasi, iwe unaona ndi maso koma sunadziwe zonse. Esitere, iwe sudziwa chilichonse, ndipo mutu uno ndi wako. Koma uyambe wapirira nkhani ya makina, chifukwa ine ndilibe njira ina yofotokozera zinthu.

1994 mpaka 2005: Ku Metangula

Ndinabwerera kuno kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndili ndi thumba la zovala, sipanala zinayi ndi luso lokonza mafiriji. Lusolo ndinaliphunzira ku Nkhotakota kwa mkulu wina amene ankandikwapula ndi waya ndikalakwitsa. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwa a Saide, wamalonda a nsomba amene anali ndi makina akalekale opangira ayezi. A Saide anali munthu wamtima wapachala. Makina akaima ankatukwana ine, akayenda ankayamika Mulungu. Zida kunalibe. Mpweya wothira m'makina tinkaudikira miyezi kuti ubwere pa chapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Lichinga, lamba akaduka ndinkacheka tayala lakutha, ndipo chitsulo china ndinachimanga ndi waya wa njinga n'kugwira ntchito zaka zisanu. Ndinali wodzikuza, sindibisa. Ndinkayenda mumsika mafuta ali m'manja dala, kuti anthu adziwe kuti mestre Barnaba, mmisiri wamkulu, akudutsa.

Mayi anu a Juliyana ndinawadziwira pamenepo. Anali mwana wa msodzi wa cha ku Lunho, banja la Anglikani la kalekale, ndipo ankabwera kudzagulitsa usipa wouma kwa a Saide. Tsiku lina anaima kuseri kwa makina, kumene kumatuluka mpweya wotentha, n'kumawotha manja ngakhale dzuwa linali litakwera. Anandifunsa kuti zikutheka bwanji kuti chinthu chopanga ayezi chizitentha kumsana. Ine ndinatukula chifuwa n'kuyamba sukulu. Ndinawauza kuti makina sapanga kuzizira. Amangonyamula kutentha kumene kuli m'madzi n'kukakutaya kunja, madziwo n'kutsala ouma gwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Ndiye inu si mestre ayi. Ndinu mtengatenga basi, wosamutsa katundu wa eni ake." Chaka chisanathe tinali titakwatirana. Anali munthu wodana ndi kuzizira kuposa wina aliyense amene ndinamuona. Mwera ukayamba mu Juni ankavala majuzi awiri, ndipo kunyanja ankasamba masana okha.

Mu 2003 mng'ono wawo Marita anamwalira pobereka kuchipatala china kumtunda. Tinapita atatu kukatenga thupi: ine, mayi anu ndi mkulu wawo a Agnesi. Kumeneko munthu wovala magolovesi anakoka dilowa lachitsulo, Marita n'kutulukira ali ndi kapepala kuchala cha kuphazi, nsidze zitayera ndi chisanu. Munthuyo sanalakwe chilichonse, inali ntchito yake. Koma mayi anu sanalire pamenepo, sanalankhulenso ulendo wonse, mpaka pamene msewu umayamba kutsetsereka kulowera kunyanja. Pamenepo anandigwira dzanja.

"Bambo a Esitere, inu ndinu munthu wa majeleira, mafiriji anu aja. Mulonjeze pompano, achemwali akumva. Ine ndikadzafa musadzandiike pozizira ngati chambo cha a Saide. Mudzandiike m'manda ndikadali wofunda."

Ndinafuna kupeputsa nkhaniyo. Ndinati, "Mayi, lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane." Sanaseke. A Agnesi nawo anangondiyang'ana. Ndiye ndinalonjeza, ndikuganiza kuti ndi lonjezo lotchipa, chifukwa ndinali wamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo ndinkadziwa kuti woyamba kupita ndidzakhala ine.

2006 mpaka 2016: Ku Chiwanga

Makina a a Saide atafa imfa yosadzukanso, ndinalembedwa ntchito panyumba ina yogona alendo ku Chiwanga. Mwini wake anali Dona Lurdes, mayi wa ku Lichinga wolankhula pang'ono, amene mwamuna wake wachizungu anamusiyira zipinda zisanu ndi chimodzi, jenereta ndi chibafa chachikulu chozungulira, n'kubwerera kwawo osatembenuka. Bafalo linali panja, moyang'ana nyanja, ndipo munkakwana anthu anayi atakhala pansi madzi akulekeza m'khosi. Alendo ankalifuna kwambiri miyezi ya mwera. Ife antchito tinkalitcha nkhali, ndipo tinkaseka kuti munthu wayenda ulendo wonsewo kudzaphikidwa pomwe nyanja ili apo yaulere.

Ine ndinali wa chilichonse: mafiriji, mipope, magetsi, ngakhale maloko. Koma chimene chinandikalambitsa ndi nkhaliyo. Poyamba tinkatenthetsa madzi ndi nkhuni mumgolo, ndipo mgolowo unkadya mtolo pa mtolo, utsi n'kumalowa m'zipinda za alendo. Magetsi atafika, Dona Lurdes anagula chitsulo chotenthetsera, ngati cha m'ketulo koma chachikulu. Chinkadya magetsi ngati njovu m'munda wa chimanga. Ukachiyatsa mababu ankachita mdima, firiji ya kukhitchini n'kuyamba kubuula, ndipo alendo ankadya nsomba yokayikitsa chifukwa chofuna kusamba madzi otentha.

Chaka cha 2016 ndi chimene iwe Esitere unachoka. Unali utakondana ndi mnyamata wa ku Beira amene ankagwira ntchito ya msewu, ndipo mayi ako anamukana chifukwa sanatume ankhoswe ndiponso sankafuna ukwati wa kutchalitchi. Ndinali pakhomo pamene unanyamula chikwama. Mayi ako anati, "Ukatuluka pakhomo pano usadzabwere ndi pa maliro anga pomwe." Iwe unayankha kuti, "Chabwino," n'kupita. Nonse awiri munali ndi mutu umodzi, wouma ngati mtengo wa bwato. Chimene sunadziwe n'chakuti Khirisimasi iliyonse mayi ako ankagula kapulana watsopano, nsalu ya chitenje, n'kumuika pansi pa sutikesi. Ndikafunsa ankati ndi wa alendo. Ndikakuimbira foni ankakhala pafupi akusankha nyemba, khutu lili kuno, koma ndikawapatsa foniyo ankati manja ndi akuda.

2017 mpaka 2021: Pampu

Pampu yotenthetsera madzi ndinaipempha ndine. Mlendo wina anandionetsa chithunzi chake pa foni, ndipo nditangoona mkati mwake ndinaseka, chifukwa inali firiji yomweyo yoyang'ana chakumbuyo. Imakoka mpweya ndi chokupiza, n'kuchotsamo kutentha, n'kukupereka kumadzi amene akudutsa m'paipi kupita m'bafa. Mpweyawo umatuluka kutsogolo uli wozizira. Ndinauza Dona Lurdes kuti magetsi amene chitsulo chija chimadya tsiku limodzi, pampu ingadye masiku atatu kapena anayi. Anandimvera, ndipo inabwera pa lole kuchokera kutali.

Tsoka lake, inafika ine ndili ku Lunho kumaliro a malume. Anyamata amene anaibweretsa anaiika okha. Dona Lurdes ankaopa akuba komanso phokoso, choncho anawauza kuti aiike m'kachipinda ka njerwa kumene tinkasungiramo zida, kopanda zenera, n'kukhoma chitseko ndi loko. Nditabwerera ndinapeza Dona atakhala pa sitepe atagwira tsaya. Pampu inali itayenda masiku atatu osapuma, koma madzi anali ofunda ngati tiyi wa dzulo. Nditatsegula chitseko chija, mphepo yozizira inandimenya kumaso, ndipo zitsulo za kumbuyo kwa pampu zinali zitayera ndi ayezi.

"Mestre, andigulitsa chinthu chakufa," anatero Dona Lurdes.

"Si chakufa ayi, Dona, mwachitsekera m'ndende. Chikupuma mpweya womwe chatulutsa. Chatenga kutentha konse kwa m'chipinda muno, tsopano chikufinya mwala."

"Ndiye titani?"

"Mundibwereke hamala yaikulu, ndipo mutembenukire uko."

Ndinagumula khoma kutsogolo ndi kumbuyo, mabowo awiri aakulu, n'kuikamo zitsulo zotchingira akuba. Tsiku lachiwiri madzi anafika madigiri 38. Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzaona makinawo ndinkamuuza lamulo loyamba: pampu iyi usadzaitsekere m'chipinda.

Malamulo ena ndinawaphunzira pang'onopang'ono. Ndinkaiyatsa dzuwa likakwera, kuyambira cha m'ma teni mpaka cha m'ma folo, chifukwa mpweya ukakhala wotentha pampu imapeza katundu wambiri wonyamula pa magetsi ochepa. Kuiyatsa m'bandakucha wa Julayi n'kutuma munthu kukatola nkhuni pamchenga. Chivindikiro cha bafa chinali chofunika kuposa makina enieniwo, ndipo ndinakanganapo ndi alendo angapo amene ankachisiya chotsegula, kutentha kwa tsiku lonse n'kuthawa ndi mwera. Mapaipi ndinawakulunga ndi siponji ya matiresi akutha n'kumanga ndi mphira wa chubu. Pakakhala masiku ochepa opanda alendo sindinkazimitsiratu, ndinkangotsitsa pang'ono, chifukwa kudzutsa madzi ozizira kumatenga masiku awiri. Pampu ilibe changu cha moto. Imakwera digiri imodzi, kenako ina, ndipo alendo othamanga ndinkawauza kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mdani wake wamkulu anali nkhungu. Tizilomboti tikatuluka m'nyanja ngati utsi, tinkamatirira kuzitsulo zokokera mpweya mpaka kutseka, ndipo ndinkakhala m'mawa wonse ndi mswachi wakutha ndikuchotsa. Ena ankadya nkhungu, ine ndinkaitukwana.

Zaka zimenezo mafupa a mayi anu anayamba kuvuta. Mawondo anatupa, zala zinapindika, ndipo mwera ukawomba ankalephera ngakhale kumanga mpango. Dona Lurdes anawaona tsiku lina akubweretsa chakudya changa akutsimphina, ndipo anati alendo akachoka, madzi tisanawasinthe, mayi azilowamo. Poyamba anakana, kuti mayi wa kutchalitchi sangakhale mumphika pabwalo ngati mbatata. Ndinatchinga ndi mphasa. Tsiku loyamba analowa atavala kapulana, akudandaula, kenako madandaulo anatha. Nditasuzumira ndinapeza atatsinzina, akutambasula zala chimodzichimodzi.

"Kutenthaku mwakutenga kuti, a mtengatenga?" anandifunsa osatsegula maso.

"Mumpweya, mayi."

"Wa ndani?"

"Wa Mulungu."

"Basi, mudzakayankha nokha kumeneko. Ine ndangolandira."

Masana amenewo ndi amene ndimawakumbuka ndikafuna kugona bwino. Ine ndinkakhala pa ndowa yovundikira kunja kwa mphasa, iwo m'madzi, tikukamba za anthu a kutchalitchi, ndipo nthawi zina ankatchula dzina lako, Esitere, ngati mwangozi.

Okutobala 2022

Mayi anu anagwa Lachiwiri m'mawa akusesa pabwalo. Pamene Tomasi ankabwera ndi njinga yamoto kuti tiwatengere kuchipatala, anali atapita kale. Unali mwezi wa kutentha kuja kumene ngakhale abuluzi amabisala. Kwathu kuno, nyengo imeneyo, munthu akamwalira m'mawa amaikidwa mawa lake, ndipo palibe amene amafunsa chifukwa chake. Amayi a m'mudzi anasambitsa thupi, a katekista anafika, anyamata anayamba kunola makasu.

Ndinakuimbira foni ndili kuseri kwa nyumba. Sunalire nthawi yomweyo. Unati, "Ababa, musawaike ndisanafike. Ndikugwadirani. Mawu omaliza amene ndinawauza ndi aja a pakhomo. Ndiloleni ndidzangoona nkhope yawo." Ndinakufunsa kuti ufika liti. Unati ndege sungakwanitse, udzera pa basi ku Nampula ndi ku Cuamba, ndipo Mulungu akalola ufika Lachisanu. Ndinati ndamva. Sindinakuuze za lonjezo.

Ndinakhala pachitsa foni ili m'manja, ndipo mtima unandipweteka kuposa pamene ndinawatola pansi. Kumtunda kunali mafiriji a maliro, koma kumeneko ndi kumene ndinalumbira kuti sadzapitako. Kuwasunga m'nyumba masiku atatu m'kutentha kuja kukanakhala kukuonetsa chinthu chimene sichinali mayi ako. Kuwaika Lachitatu kukanakhala kusunga mawu anga, iwe n'kusenza "chabwino" uja moyo wako wonse. Ndili pachitsa pomwepo ndinakumbuka mphepo ija imene inandimenya kumaso tsiku limene ndinatsegula chitseko cha pampu. Ndinadzida chifukwa chokumbuka zimenezo, koma ganizo likalowa m'mutu wa mmisiri silituluka.

Ndinayamba ndaimbira Dona Lurdes, amene anali ku Lichinga chifukwa mwezi umenewo kunalibe alendo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mestre Barnaba, mukudziwa kuti Chiwanga yonse imva, ndipo bafa limenelo palibe adzalikhudzenso?"

"Ndikudziwa, Dona."

Kenako anati, "Matiresi ali m'zipinda. Tengani onse."

A Agnesi ndi amene anali ovuta. Ndinawaitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango, n'kuwauza maganizo anga. Nkhope yawo inasintha.

"Alamu, munalonjeza ine ndili pomwepo. Ndinamva ndi makutu awa."

"Si jeleira, alamu. Ndi chipinda. Agona pa mphasa yawo, ndi bulangete lawo, inu muli pambali pawo. Palibe dilowa, palibe kapepala kuphazi."

"Ndi pozizira kapena si pozizira?"

"Ndi pozizira."

"Ndiye musandinamize ngati mwana. Inu ndi ine tikudziwa chimene chili."

"Nanga mwana uja, alamu?"

"Mwana anachoka yekha ndi miyendo yake. Mng'ono wanga sangadzilankhulire, n'chifukwa chake mukumuchita zimenezi."

Mawu amenewo anali oona. Ndinangowauza za makapulana asanu ndi limodzi a pansi pa sutikesi. A Agnesi analowa m'nyumba, n'kutsegula sutikesiyo okha. Atatuluka sanandiyang'ane. Anauza amayi ena kuti akonze mphasa, ndipo kwa ine anangoti, "Tchimo ili ndi lanu nokha. Ine ndikupita kukamufunditsa."

Ine ndi Tomasi tinatseka mabowo aja ndi matabwa, mabowo amene ndinagumula ndi manja anga. Tinatsamiritsa matiresi kumakoma, n'kuponya udzu wonyowa pa malata. Dzuwa lisanapendeke tinali titawanyamula mayi anu pa machira kudutsa m'mudzi kupita kuchipinda cha pampu, anthu ataima m'makomo akuyang'ana. Ena ankanong'ona kuti Barnaba wapenga, ena kuti akufuna kuchita zamankhwala. Ndinayatsa pampu, n'kupachika choyezera kutentha pa msomali. Chinatsika pang'onopang'ono, monga mwa chikhalidwe chake, mpaka chinaima pa madigiri 9.

Masiku atatu amenewo ndinaphwanya lamulo lililonse limene ndinkanyadira. Pampu imasiya yokha madzi akafika pamene unaiuza, ndipo ikasiya chipinda chimayamba kufunda. Choncho ntchito yanga inali yotaya kutentha. Ndinachotsa chivindikiro chija chimene ndinkakanganira ndi alendo. Madzi akatentha ndinkatsegula mpope n'kuwataya pamchenga, nthunzi ikufuka, n'kudzazanso ena a m'nyanja. Zitsulo zikayera ndi ayezi ndinkaimitsa kanthawi kuti asungunuke, mtima uli m'mwamba. Lachitatu masana magetsi anazima. Tomasi anathamanga kugombe, ndipo asodzi anzake, ena mwa iwo omwe ankanong'ona aja, anatsanula petulo wa m'mainjini awo n'kubweretsa m'mabotolo kuti jenereta iyende. Mwana wa a Saide anatumiza matumba awiri a ayezi. Amenewo ndinawabweza. Ayezi wa nsomba sakanawakhudza ine ndili moyo, ngakhale ndikudziwa kuti kumeneko kunali kudzitonthoza chabe.

Amayi a kutchalitchi ankalowa awiriawiri mosinthana, atafunda mabulangete mwezi wa Okutobala, n'kumaimba nyimbo za m'buku mokweza kuti zipose phokoso la chokupiza. A Agnesi okha sankasinthana ndi munthu. Ndinkati ndikalowa kudzaona choyezera ndinkawapeza atakhala kumutu, milomo itachita mbuu, akukonza bulangete pakhosi pa mng'ono wawo. Ndinawapempha kuti atuluke akawothe dzuwa pang'ono. Anati, "Iye akutuluka?" Ndinatseka chitseko n'kubwerera kumpope wanga.

Unafika Lachisanu cha m'ma leveni, pa njinga yamoto kuchokera ku Metangula, fumbi lili m'tsitsi, mwana ali kumsana amene ine ndinali ndisanamuone. Unamupereka kwa Tomasi n'kulowa. Ndinaima pachitseko. A Agnesi anavundukula nsalu, ndipo nkhope inali yawo ndithu, ngati agona atakwiya pang'ono, monga ankagonera ndikachedwa kubwera. Unagwada n'kulankhula nawo nthawi yaitali, ndipo zimene unanena ndi zanu awiri. Kenako unaika dzanja pa tsaya lawo, n'kulibweza msanga.

"Ababa, azizira bwanji," unatero. "Amayi amadana ndi kuzizira."

A Agnesi anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akangotsegula pakamwa zonse zitha, iwe udziwa mtengo wa ulendo wako. Kenako anadzuka movutikira, mawondo ataumiratu, n'kutola ndowa imene inali pakona.

"Alamu, madzi a m'nkhali yanu ija ndi otentha?"

"Ndi otentha, alamu."

"Zimitsani chinthuchi. Mutunge mubweretse pakhomo apa. Timusambitsanso asanalowe m'bokosi."

Ndinazimitsa pampu, ndipo kunagwa bata limene ndinali nditaliiwala. Ndinapita kubafa n'kuviika dzanja. Madzi anali pa madigiri 39, monga momwe ankawakondera. Ndinatunga ndowa zinayi, imodziimodzi, n'kumazisiya pakhomo, amayi n'kumalowetsa. Potunga ndowa yachitatu ndinaima, chifukwa mmisiri sangadzinamize. Makina aja sapanga kanthu, amangosamutsa. Kutentha kumene kunali m'madzi amenewo kunachokera m'chipinda chija, m'makoma, mumpweya wa amayi oimba, ndi mwa iwo amene. Ndinali nditawalanda, ndipo tsopano ndinkawabwezera pa ndowa. Ndinalira pamenepo kwa nthawi yoyamba, nditagwira mkombero wa bafa, ndipo a Agnesi anachita kuitana kawiri kuti madzi akuchedwa.

Anawakulunga m'makapulana awiri mwa asanu ndi limodzi aja. Anayi otsalawo a Agnesi anakupatsa iwe, ndipo unawalandira osafunsa zambiri. Tinawaika madzulo a tsiku lomwelo.

Lero

Dona Lurdes sananame. Antchito anakana kulowanso m'chipinda cha pampu, mtsikana woyeretsa bafa anasiya ntchito, ndipo nkhani inafika mpaka kwa oyendetsa chapa, amene ankauza mlendo aliyense asanatsike n'komwe. Bafalo linakhuthulidwa, ndipo pano muli dothi ndi maluwa. Pampu inagulidwa ndi munthu wina wa kumtunda. Ndinaimasula ndekha, ndinaipukuta, ndinachotsa nkhungu yomaliza ndi mswachi, ndipo ndinamuuza wogulayo lamulo loyamba lija. Dona sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ndine ndinapempha kupuma, chifukwa sindikanatha kudutsa pachitseko chija tsiku ndi tsiku.

A Agnesi anamwalira chaka chatha. Zaka zonsezi ankandipatsa moni kutchalitchi, ankanditumizira chinangwa, koma sanakhalenso pansi m'nyumba mwanga. Nditapita kukawaona akudwala ndinawafunsa ngati anandikhululukira. Anati, "Si ine munandilonjeza, alamu." Chinsinsicho anapita nacho osauza munthu, ndipo tsopano wotsala nacho ndine ndekha.

Esitere, sindikulemba izi kuti usenze katundu wanga. Iwe unapempha chimene mwana aliyense akanapempha, ndipo sunadziwe. Wosankha ndinali ine. Ndikulemba chifukwa chaka chilichonse ukabwera umandithokoza pamaso pa anthu, umauza mwana wako kuti agogo ndi mmisiri wanzeru amene anakudikiritsira mayi ako, ndipo ine ndimangogwedeza mutu ngati wakuba amene akuyamikidwa. Mayi ako anandipempha chinthu chimodzi chokha m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati wathu, ndipo chimenecho ndinawakaniza. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti utaimbanso foni ija lero, ndikanatenganso matabwa ndi misomali.

Ine sindikumangani ndi lonjezo lililonse. Ndikadzafa mudzachite chimene chidzathandize amoyo. Koma bulangete lofiira lija limene anafunda masiku atatu aja musadzalipereke kwa munthu. Ndimafunda ine, ngakhale mu Okutobala, ndipo mudzandiike nalo kuti ndikawabwezere.